Chitengwa cha Mayi Asiyatu

Kwa zaka zambiri ine ndinkadzutsidwa ndi munthu wakufa, ndipo ndineneretu kuti poyamba sindinkakondwa nazo. Nyumba zathu za lendi ku Kawale n'zogundizana, khoma lake la njerwa imodzi, moti mnzako akayetsemula uko, iwe kuno umafunafuna kansalu kopukutira mphuno. Kuseri kwa khoma langa kunkakhala Che Mwamadi, bambo wamasiye wokhoma ndowa ndi mbaula. M'mawa uliwonse akabwerako kumzikiti ankayatsa wailesi yawo ya kaseti, ndipo malemu akazi awo, mayi Asiyatu, ankayamba kukalipa.

Sikunali kuimba, sikunali kupemphera. Kunali kukalipa kwenikweni, kwa mkazi amene zamukwana, mbali yonse ya kaseti mpaka kumapeto. Kasetiyo inkayambira pakati pa mawu: "...ndiye mundiuze ngati nyumbayi tiifolera ndi wailesi."

Nkhani yake inali chonchi. Che Mwamadi kwawo kunali ku Ntaja. Anabwera ku Lilongwe ali mnyamata, atanyamula nyundo, sizasi yodulira malata ndi dzina la amalume awo amene ankati amakhala ku Mtsiliza. Amalumewo sanawapeze, koma anapeza kuti ndowa za anthu a mumzinda uno zimabooka ngati za kwina kulikonse, basi n'kukhala. Anali munthu wa mawu ochepa. Ukawafunsa ngati mbaula yako yatha, ankayamba akhoma kaye, n'kuyang'ana kumwamba, kenako n'kuyankha iwe utayamba kale kuchoka. Mulungu poona zimenezi anawapatsa mkazi woti azilankhulira onse awiri. Mayi Asiyatu ankagulitsa zitumbuwa, ndipo amene anawadziwa amati pakamwa pawo panalibe tchuthi.

Chaka china mvula itayamba, denga la kanyumba kamene anamanga ku Mtsiliza likudontha, mayi Asiyatu anatuma amuna awo ku tauni kukagula malata. Munthu wokhoma malata tsiku ndi tsiku, kwake kukudontha. Ndi mmene zimakhalira. Che Mwamadi anabwerako atanyamula wailesi ya kaseti paphewa, pamodzi ndi kaseti imodzi yopanda kanthu imene wogulitsayo anawaikira ya banyira. Tsiku limenelo mayi Asiyatu sanalankhule, anagona nazo. M'mawa mwake ndiye anatsegula. Poopa kuyang'ana nkhope ya akazi awo, Che Mwamadi anaweramira wailesi ija n'kumadinadina mabatani, mpaka anadina lofiira lojambulira osadziwa ntchito yake. Wailesi inameza zonse.

Kasetiyo inaponyedwa m'sutikesi n'kuiwalika. Patapita zaka zingapo mayi Asiyatu anadwala matenda osakhalitsa n'kumwalira asanamere imvi, osasiya mwana, osasiya chithunzi. Itatha sadaka, achibale atabalalika, Che Mwamadi ankafunafuna batani la malaya m'sutikesi muja n'kupeza kaseti. Anaiika mu wailesi poganiza kuti ndi nyimbo. Anandiuza okha kuti tsiku limenelo, atamva kukalipa kuja, anadzuka n'kukasamba, anachapa malaya, n'kudya ngati munthu. Kuyambira pamenepo sanaphonye m'mawa ngakhale umodzi. Anzawo a kumzikiti anayesa kuwapezera mkazi wina. Mzimayi mmodzi anabwera kudzaona pakhomo, anamvetsera mbali yonse ya kaseti, n'kunena kuti ntchito yonse ikugwiridwa kale, iye alibe chodzawonjezera.

Ine ndinawapeza atasamukira kale ku Kawale, moti mayi Asiyatu ndinawadziwira pakhoma. Mawu awo anali okhuthala, okoka, a mayi wachikulire amene sathamangira kanthu chifukwa akudziwa kuti wolakwayo alibe kothawira. Ankayamba ndi denga. Akatsika padenga ankalowa m'malaya ovala motembenuza, kenako nsapato zosiya pakhomo, kenako ulesi wa amuna onse a dziko lapansi, kenako achibale a Che Mwamadi mmodzimmodzi, amene ankabwera chimanjamanja n'kubwerera atasenza ndowa zatsopano. Pomalizira penipeni ankapuma, n'kufunsa, "Kodi mwamva?"

Pamenepo kaseti inkakhala chete kwa kanthawi. Tsiku lojambulalo Che Mwamadi anangogwedeza mutu, ndipo mutu sumveka pa kaseti. Ndiye m'kampata kameneko ndi mmene bambo wokalambayo ankayankhamo m'mawa uliwonse, ndi mawu awo ochedwa aja: "Ndamva."

"Chabwino," ankatero mayi Asiyatu, mawu atafewa. "Bwerani, tiyi azizira." Kenako batani linkadumpha, tsiku n'kuyamba.

Mdadada wathu wonse unkayendera kaseti imeneyi. Ana ankadziwa kuti mayi Asiyatu akamafika pa achibale, iwo akhale atatuluka kale ndi makope awo. Amuna anga, a Yona, ankadzuka pa ndime ya ulesi, nkhope ili yolakwa. Denga lathu, limene mwini nyumba analiiwala kalekale, ine ndinalinena mpaka kukamwa kuuma, iwo osamva. Ananena wakufa wa eni ake, tsiku lina ndinangoona akwera pamwamba ndi phula. Zimenezi zinandipweteka, koma denga linasiya kudontha, ndiye ndinameza.

Tsoka linabwera m'mawa wina wa dzinja. Mayi Asiyatu atangofika pa achibale, anatsamwa. Mawu anakokeka, anabwebweta, kenako zii. Mdadada wonse unatuluka panja, wina mswachi uli m'kamwa, wina atanyamula mwana wosavala. Che Mwamadi anatuluka atagwira kaseti ndi manja awiri, tepi ya m'kati mwake ikulendewera ngati matumbo a nkhuku. Sindinawaonepo ali ndi mantha chotero. Tinakhala pakhonde n'kudula pamene panakwinyika, tinalumikiza ndi kyutekisi wanga wopaka m'zikhadabo, n'kuipukusa pang'onopang'ono ndi cholembera. Inaimbanso, koma azakhali a Che Mwamadi a ku Liwonde anadulidwamo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanakalipiridwenso. Chimene chinandiopsa n'chakuti zala zanga zinatsala ndi kafumbi kofiirira. Tepi inali itayamba kuyoyoka. M'mawa uliwonse mayi Asiyatu ankatha pang'ono, ndipo kunalibe kwina kumene mawu awo anasungidwa.

"Che Mwamadi," ndinatero, "anzanu masiku ano zinthu ngati zimenezi amazisamutsira m'foni. Mukachedwa mudzaika maliro kawiri."

Anayang'ana kumwamba monga mwa chizolowezi. Yankho linandipeza tsiku lina ndikuyanika zovala.

"Amayi, zosamutsa zija ndaziganizira. Koma ine ndinangokwatira, munthuyu ali ndi eni ake. Sindingamuchotse pamene ali n'kupita naye kwina popanda kupempha chitengwa. Ngakhale pobwera naye kuno ku Kawale ndinapempha."

Ndinayesa akuseka. Sankaseka. Mwamuna akafuna kutenga mkazi kupita naye kwina amapempha kwa mwini mbumba, ndipo mwini mbumba analipo: Che Zaki, mchimwene wawo wa malemuwo, wogulitsa usipa ku Mtandire. Anabwera atavala mkanjo woyera ndi chipewa cha Lachisanu. Amuna awiriwo anakhala pamphasa, kaseti inakhala pampando yokha. Ine ndinkayembekeza kuti munthu wa nzeru zake aiseka nkhaniyi tipume. Che Zaki anamvetsera pempholo mpaka kumapeto, n'kutsokomola.

"Alamu, chitengwa sitikana. Mwamusunga bwino mlongo wanga, ali moyo ndiponso pambuyo pake. Koma mwana wa munthu saperekedwa m'chimbulimbuli. Tiyambe taona makina amene adutsemo ndi kumene akakhale."

Pa nkhani za banja pamafunika mzimayi, ndiye anasankha ine. Pankafunikanso kaseti yolawira makina, yoti ikafa pasakhale wolira. Ndinapereka ndi mtima wonse kaseti ya kwaya ya kumpingo kwathu, mmene a Yona amaimba besi ngati ng'ombe yoiwalidwa pamvula.

Tinayamba ndi njira ya aulesi, imene aliyense mumdadada ankatilangiza: kuika foni pafupi ndi wailesi n'kujambula. Tinayesa ndi kwaya ija, ine n'kutulukako pang'ono kukaona za kunyumba kwanga. Pomvetsera tinapeza tambala, chigayo cha kumsika, mwana wolira, ndi mawu a mzimayi wina kuseri kwa khoma akufunsa mwamuna wake kuti wasiya sopo m'madzi ndani. Mzimayiyo ndinali ine. Kwaya inkamveka patali, ngati ili ku Mchesi. Che Zaki anamvetsera mwachidwi.

"Iyi ayi. M'nyumba imeneyi mwalowa kale mkazi wina wolongolola. Mlongo wanga salowa mitala."

Ndinangotola kaseti ya kwaya ija chifukwa ndinali pa ntchito.

Ku Biwi anatilozera kwa Clifford, amene kale ankaimbitsa nyimbo m'maukwati. Anali ndi chimakina chachikulu ngati kabati: pamwamba poikira mbale za galamafoni, kutsogolo kachitseko ka kaseti, pambali kabowo kolowetsa memole, kakhadi kosungira nyimbo kaja. Ankati chimenechi chimasamutsa chilichonse, ngakhale maloto. Anaumirira kuti tiyambe tamva mbale, koma mbalezo tinazidikira kaye chifukwa akazi ake anali atavundikirira nazo ndowa za madzi, ina inali pa mphika wa nyemba. Imene anatiimbira inali yopindika ndi dzuwa, moti singano inkakwera n'kutsika, woimbayo n'kumamveka ngati akuimbira pa kabaza mumsewu wa maenje. Singano ikalumpha, Clifford ankasanjikapo kamwala.

Che Zaki ataona singanoyo anadzuka. "Mlongo wanga anabayidwa zokwanira kuchipatala."

Clifford anafotokoza kuti singano ndi ya mbale zokha, kaseti imalowera khomo lina. Tinalowetsa kwaya. Inaimba mzere umodzi, kenako tinamva kutafuna. A Yona anamezedwa ali pakati pa aleluya, ndipo sindinama, kumtima kwanga kunangoti mbee.

"Musadandaule, madala," anatero Clifford akukoka tepi ndi foloko. "Imangotero ikakhala ndi njala. Mukaipatsa ziwiri zitatu imakhuta, ndiye zinazo imaimba bwinobwino."

Che Mwamadi anagwira thumba la pamtima, mmene munali akazi awo atakulungidwa m'kansalu, ndipo sanachotsepo dzanja mpaka titakwera minibasi.

Tinayenda mpaka zidendene kung'ambika. Ku Area 25 tinapeza makina abwino, koma mwini wake ankawasungira m'khola la nkhunda. Ku Mgona tinauzidwa kuti makina alipo, chingwe chake ndicho chili kwa mlamu amene sakulankhulana naye. Kumsika wa Chinsapo wogulitsa wina anatulutsa m'katoni kachipangizo katsopano, kakang'ono ngati kosungira sopo, koti uike kaseti uku, memole uku, basi zatha. Che Mwamadi anakagogoda ndi chikhadabo monga amachitira ndi ndowa, n'kunena kuti mulibe chitsulo. Che Zaki anafunsa kuti anakapanga ndani, kwawo ndi kuti. Pakatoni panalibe dzina, wogulitsayo anangoti kanabwera pa kontena, ndipo Che Zaki anati wopanda kwawo sapatsidwa mkazi. Komabe tinayesa zotsala za kwaya ija, titailumikiza ndi kyutekisi. Kachipangizoko kanaithamangitsa moti a Yona anasanduka sopulano. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti makina alionse ali ndi mayendedwe ake, ena amafulumira, ena amakoka mapazi, koma sindinaganize patali.

Nthawi yonseyi kaseti inkaimbabe m'mawa uliwonse, ikuyoyoka. Ndinawapempha kuti aipumitse mpaka tipeze makina. Anayesa tsiku limodzi. Ana anabwezedwa kusukulu chifukwa chochedwa, a Yona anagona mpaka dzuwa kutentha, ndipo Che Mwamadi anakhala pakhonde osasamba, osadya, nyundo ili pansi. M'mawa mwake ndinagogoda khoma ndekha kuti ayatse.

Amene anatitsiriza ndi mayi Leah a ku Area 23, obena nyimbo, kuziika m'mafoni ndi m'mamemole, m'kashopu kopanikizika pakati pa butchala ndi saluni. Bambo awo ankakonza mawailesi, ndipo anawasiyira deki yakale, makina oimbira makaseti okhaokha, yolemera moti sainyamula munthu mmodzi. Titafotokoza za chitengwa sanaseke. Anangotulutsa mipando, n'kunena kuti, "Funsani zofunsa, abambo."

Che Mwamadi anagogoda dekiyo, inayankha ndi mawu a chitsulo. Che Zaki anayamba mafunso.

"Magetsi akazima ali pakati pa ulendo, mlongo wanga atsala kuti? Mutu m'foni, miyendo m'kaseti?"

Mayi Leah anawaonetsa batire ya galimoto pansi pa tebulo.

"Nanga phokoso la m'butchalamu? Za mitala tinakana kale."

"Mawu adutsa m'chingwe ichi, kuchoka mu deki kulowa mu kompyuta. Chingwe sichimva za m'chipinda."

Anatsegula dekiyo n'kutionetsa lamba watsopano woyendetsa timagudumu. Kenako ananyowetsa thonje m'kabotolo n'kuyamba kupukuta kachitsulo kamene tepi imakhudza podutsa. Che Zaki ananunkhiza.

"Amayi, ameneyo si kachasu? Banja lathu silikhudza zimenezo."

"Ndi sipiriti wa ku famase, abambo. Auma pompano."

Tinakhala tonse n'kumayang'ana kachitsuloko mpaka Che Zaki anavomereza kuti kauma. Kenako tinalowetsa kwaya. A Yona anamveka ndendende ngati a Yona, zimene zinandimvetsa chisoni koma zinatsimikizira kuti makinawo sanama.

Mayi Leah anatenga kaseti ya mayi Asiyatu, anaiyang'ana powala, n'kupukusa mutu. "Iyi yatsala ulendo umodzi. Iyende kamodzi, osaimitsa, osabwereza."

Che Zaki anailandira ndi manja awiri, n'kuilangiza monga amalangizira mkwatibwi. Anaiuza kuti kumene ikupitako n'kwachilendo, ikakhale bwino ndi anthu, ndipo ngati n'kotheka ikachepetseko pakamwa. Kenako anaipereka kwa mlamu wawo, mlamuyo anaipereka kwa mayi Leah, kachitseko kanatsekeka.

"...ndiye mundiuze ngati nyumbayi tiifolera ndi wailesi."

Ndinatembenuka kuyang'ana pakhomo, poganiza kuti kwalowa munthu. Anali mawu a mtsikana, opyapyala, akuthwa, othamanga, ndipo m'kati mwa ukaliwo munkamveka kuseka kobisa kumene ine pakhoma paja sindinakumvepo. Che Zaki, amene kasetiyo anaimvapo kamodzi kokha kalekale n'kukana kuimvanso, anaphimba nkhope ndi chipewa.

"Ndi yemweyu," anatero. "Asiyatu wa amayi anga."

Che Mwamadi anayang'ana aliyense wa ife. "Mwaika kaseti ya eni ake."

Mayi Leah anafotokoza motsitsa mawu. Lamba wa mu wailesi yawo ija ankatamuka pang'onopang'ono zaka zonsezi, kaseti n'kumayenda mochedwerachedwera, mawu n'kumakhuthala. Khutu lomva tsiku ndi tsiku silikanazindikira. Mayi Asiyatu anakhala akukalamba mu wailesimo limodzi ndi amuna awo, ndipo deki yabwinoyi inawabwezera pa msinkhu umene anajambulidwira.

Panalibe zoimitsa. Che Mwamadi anakhala manja ali pa maondo, ngati nkhalamba imene ikukalipiridwa ndi mwana wa eni mu minibasi. Denga linadutsa mothamanga, malaya, nsapato, ulesi, achibale. Pa kyutekisi paja tonse tinagwira mpweya, panadutsa. Kenako mtsikanayo anapuma.

"Kodi mwamva?"

Che Mwamadi anakoka mpweya, anatsegula pakamwa.

"Chabwino. Bwerani, tiyi azizira."

Batani linadumpha. "Ndamva" wawo anatuluka pambuyo pake, yekhayekha, m'shopu ya zii. Kuseri wa m'butchala ankadula mafupa.

"Sanandidikire," anatero.

Pamenepo ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale pa maliro ena a abale anga. Zaka zonsezi bamboyu ankadziwa ndithu kuti ndi kaseti, sanali wamisala. Koma kaseti ya kunyumba ija inkawadikira, ndipo iyi sinadikire. Mayi Leah anaitulutsa. Tepi inali itayera m'malo ambiri, kafumbi kake katatsala mu deki. Ulendo unali utatha, mawu anali mu kompyuta, ndipo mwini wake sankawafuna.

"Uyu ndi mwana," anatero Che Mwamadi. "Ndikapita naye kunyumba anthu adzati chiyani? Wanga ndi wachikulire."

Mayi Leah anati kompyuta ikhoza kuchedwetsa mawu, n'kungokoka kamzere kenakake. Che Zaki anachotsa chipewa kumaso. Iwo anavomera chitengwa, anatero, sanavomere kuti mlongo wawo akalambitsidwe ndi chala cha munthu. Che Mwamadi, amene moyo wawo wonse sanakanganepo ndi munthu, anayankha msanga koyamba: eni ake anamudziwa ali mwana, koma wokalamba naye ndi iwo, amuna ake. Mayi Leah anati akhoza kusunga onse awiri. Che Zaki anati mayi awo anabereka Asiyatu mmodzi. Zinafika poti wa m'butchala anasiya mafupa, mzimayi wina anatuluka mu saluni tsitsi lili theka, ndipo ndinaona kuti ntchito imene anandisankhira yafika.

"Abambo," ndinatero, "ine ndikapita kwathu ku Thyolo amanditumabe kukatunga madzi, imvi zili mbuu. Mkazi kwawo sakula, amakulira ku banja. Wamng'onoyu apite ku Mtandire kwa achimwene ake, wamkuluyo apite ku Kawale kwa amuna ake."

Che Zaki anaganiza, n'kuvomera kuti m'mawu anga muli nzeru ngakhale ndine wolongolola.

Ndiye inayamba ntchito yokalambitsa. Mayi Leah ankakoka kamzere pang'ono, n'kuimba kachigawo komaliza kokha. "Kodi mwamva?" Che Mwamadi ankakoka mpweya, mayi Asiyatu n'kuwapitirira. Ankakokanso kamzere. Mawu anayamba kukhuthala, mtsikana anasanduka mayi, mayi anayamba kukoka mawu, ndipo Che Zaki anang'ung'udza kuti tsopano akumva malemu amayi awo. Khamu la pakhomo linkawerama limodzi ndi nkhalambayo pokoka mpweya, ngati anthu okankha galimoto. Kangapo anatsala pang'ono, "Nda" yekha n'kulowa. Kenako ulendo wina funso linabwera, kampata kanatseguka, ndipo "Ndamva" analowa yense, n'kutsala malo.

"Chabwino," anatero mayi Asiyatu amene ine ndinkawadziwa. "Bwerani, tiyi azizira."

"Imani pomwepo," anatero Che Mwamadi. Mzimayi wa tsitsi la theka uja ankalira poyera.

Mayi Leah anawaikira m'foni, n'kuitchera kuti izidziyambira yokha m'mawa uliwonse, ndi kasipika kakang'ono koti mdadada usamanidwe. Foniyo Che Mwamadi sanaimbirepo munthu. Anaikhomera kanyumba ka malata, ka chitseko ndi mawindo, n'kukapachika pakhoma lomwe lija lathu. Anandiitana kuti ndidzaone akuthira madzi a m'kapu padenga pake. Silinadonthe.

Moyo unabwerera m'malo mwake, kupatula chinthu chimodzi. Foni ilibe lamba wotamuka. Mayi Asiyatu anaima pa msinkhu umodzi, pamene amuna awo ankapitirira. Fumbi la malata linawalowa m'chifuwa, mpweya unayamba kufupika, ndipo m'mawa wina ndinamva "Chabwino" akugwera pamwamba pa "Ndamva". Tsiku lomwelo anavala mkanjo, anatsitsa foni m'kanyumba kake n'kukwera minibasi ya ku Area 23. Zinakhala choncho chaka ndi chaka. Ankati akupita kukawonjezera, ndipo mayi Leah ankakoka kamzere kaja osafunsa kanthu. Kumapeto kwake kukalipako kunatalika moti ana a mumdadada anayamba kutuluka pa ndime ya nsapato, chifukwa akadikira achibale ankapeza geti la sukulu litatsekedwa.

Che Mwamadi anatisiya m'nyengo yozizira ya chaka chatha, ndipo ife tinadziwira pakhoma. M'mawa umenewo sindinamve chitseko chawo potuluka kupita kumzikiti, koma ndinati mwina ndi kuzizira. Foni inayamba pa nthawi yake. Ndinakoleza mbaula imene anandikhomera okha, ndikumvetsera denga, malaya, nsapato. A Yona anadzuka pa ulesi. Achibale anadutsa onse, kupatula azakhali a ku Liwonde. Kenako mayi Asiyatu anapuma.

"Kodi mwamva?"

Anadikira. Anadikira nthawi yaitali monga anaphunzitsidwira, yokwanira munthu wa chifuwa chotopa kukoka mpweya n'kukokanso. A Yona anaima, nsapato imodzi ili m'manja. Ine ndinayandikira khoma mpaka khutu linakhudza njerwa, ndipo kuseriko kunalibe ngakhale kutsokomola.

"Chabwino," anatero mayi Asiyatu, mawu atafewa. "Bwerani, tiyi azizira."